Ikakalika, Usatsike

Yotamu mwana wanga,

Wapita kokametetsa ndi kukatsanzika anzako a ku Kaunda Square, ndiye ndapeza mpata wokhala pansi kuti ndikulembere. Pakamwa ndayesa ndalephera. Ndikangoyamba, iwe umati, "Amayi, ndamva," maso ali pafoni, chala chikuyendayenda. Pepala sungalidule mawu, ndiye uwerenge mpaka kumapeto, usadumphe. Mawa ukunyamuka kupita ku Ndola kukayamba ntchito yako yoperekera mankhwala m'masitolo, ndipo galimoto ya buluu ndakupatsa monga ndinalonjezera. Ine bondo lakumanzere lakana zopondaponda poyendetsa. Atate ako ndiziwatengera kuchipatala pa takisi.

Ndiyambe ndi chimene chikundidya mumtima, kuti usamati amayi ako akulirira galimoto. Ndikuopa mkwiyo wako, Yotamu. Mwezi watha uja tikuchokera kutchalitchi, minibasi itakhudza galasi la m'mbali pa siteshoni yathu ya Chelstone, ine sindinaone n'komwe kuti watsika nthawi yanji. Ndinangozindikira uli panja, wagwira kondakitala malaya pakhosi, ndipo anyamata oitanira anthu m'mabasi akubwera kuchokera mbali zonse. Wina anali atatola kale chibenthu cha njerwa. Ndinamva akuti, "Iwe, musiye uyo! Uganiza ni iwe weka uli na motoka?" Ndinatsika ndi bondo langa lomweli, ndili mu yunifolomu ya amayi a kutchalitchi, n'kugwada pa phula pamaso pa ana oti ndikanawabereka ine. Anakusiya chifukwa cha yunifolomu ija, osati chifukwa cha mphamvu zako. Titafika kunyumba ndinapita kukaliyang'ana galasilo. Pokalikapo sipanakule kuposa chikhadabo changa. Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sunakhale pansi, chifukwa ku Ndola kulibe mayi amene akakugwadire.

Penti umamukonda, ndikudziwa, ndipo sindikukuletsa. Unatengera atate ako. Loweruka lililonse ndimakuona pawindo ukuizungulira galimotoyi, ukupendeketsa mutu kuti uone ngati yawala bwino, ngati munthu akusankha mkazi. Ndiye ndikuuza zimene ndikudziwa pa kasamalidwe kake, ndipo zambiri ndinaziphunzira poononga. Ukaisamale, iziwala, anthu aziona kuti unachokera panyumba pa anthu. Koma ikakalika pamsewu, usatsike.

Titangokwatirana ndi atate ako, tikukhala pa kafulati kathu ku Kabwata, iwo anali ndi galimoto yawo yoyamba, yofiira modera. Unali mwezi wa Ogasiti, mphepo ija yonyamula fumbi ndi mapepala, ndipo galimoto inali mbuu. Ine mkwatibwi watsopano ndinafuna kuonetsa kuti ndine mkazi wakhama. Ndinatenga chitenje chakale n'kuipukuta yonse chouma, mozungulizazunguliza, ndikuimba nyimbo, mpaka thukuta. Pamthunzi inkaoneka bwino. Dzuwa litaiomba, mayo ine! Boneti yonse inali timizere tozungulira ngati ukonde wa kangaude. Atate ako anaima pamenepo manja ali kumbuyo, ngati aima pamanda, kenaka anati, "Amake mwana, fumbi ndi mchenga. Mwaikwecha ndi mchenga." Mwana tinalibe n'komwe, koma tsiku limenelo ndinaitanidwa choncho kuti mawu afewe. Ndiye iwe usapukute fumbi chouma, ngakhale utachedwa bwanji. Yamba wathira madzi ambiri kuchokera padenga kutsika m'munsi, fumbi lichoke lokha, kenaka ndiye ugwiritse nsalu. Ndowa zikhale ziwiri, ya sopo ndi yotsukuluzira. Nsalu ya matayala isakwere pamwamba, ndipo nsalu ikagwa pansi uyambe waichapa. Ana a m'makomboni amakonda kulemba ndi chala pafumbi kuti "nisukeniko". Chimenecho chimakalanso penti, koma ndi ana, Yotamu. Uwaseke, usawathamangitse.

Za sopo ndisakuchedwetse. Ine ndinatsukira galimoto ija sopo wa ufa wochapira zovala kwa nthawi yaitali, poti ndi amene anali m'nyumba, mpaka denga linayamba kutuwa ngati miyendo yosadzola. Sopo wa mbale nayenso amachotsa polishi yense amene wavutika kupaka. Gula sopo wa galimoto, ndakuikira botolo limodzi m'buti pamodzi ndi nsalu zofewa. Usatsuke dzuwa lili paliwombo chitsulo chikutentha, chifukwa madzi amauma usanapukute n'kusiya timadontho toyera. Madzi athu a m'boholo ndiye oipitsitsa, waona mmene amayeretsera ketulo mkati. Utsuke m'mawa kapena dzuwa litapendeka, ndipo upukute msanga. Polishi upake mvula isanayambe ndiponso ikangotha, pang'onopang'ono, osati kumata ngati ukupaka batala pabuledi ya mlendo.

Cholakwa china ndimachita nacho manyazi mpaka lero, ngakhale chimandiseketsa. Tinapita kukaona azakhali ako ku Woodlands m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo ine ndinaumiriza kuti tiimike pansi pa mkuyu kuti mipando isatenthe. Sindinayang'ane pansi. Mumtengomo munali mileme, ndipo pobwerera galimoto inali yamathothomathotho. Atate ako anapita kunja kwa Lusaka ndi ntchito mawa lake, ine ndinazisiya zitosi zija ziumire padzuwa sabata yonse. Nditamva kuti akubwera ndinathamanga ndi madzi, zitosi osachoka. Ndinalowa m'khitchini n'kutenga chokwechera mapoto chachitsulo chija. Zinachoka, inde, pamodzi ndi penti. Panatsala chigamba chotuwa pa boneti chimene tinayenda nacho mpaka galimoto ija tinaigulitsa. Ndiye tamvera. Usanaimike pansi pa mtengo, yang'ana pansi. Ngati pali zoyerayera kapena pakumata ku nsapato, pita pena, bola ipse ndi dzuwa. Utomoni wa mango ndi maluwa a jakaranda onyowa ndi mvula zimadya penti mwakachetechete. Chitosi chikagwera, usachikande ndi chikhadabo. Nyowetsa nsalu, uiyale pamwamba pake, udikire chifewe, kenaka uchinyamule. Ku Ndola mitengo ndi yambiri kuposa kuno, ndiye uzisunga botolo la madzi m'galimoto.

Ndikudziwa ukumwetulira tsopano, ukuti amayi ndi nkhani zawo. Mwetulira, koma usaiwale chimene ndayamba nacho. Ikakalika, usatsike.

Kutchalitchi kumene ukalowe akangodziwa kuti pabwera mnyamata wa galimoto yowala, udzaona. Ukwati uliwonse adzabwera akulu a komiti, mawu okoma, "Ba Yotamu, mutithandizeko kunyamula operekeza." Usakane, ndi mmene timakhalira, ifenso anatinyamula ena. Koma uime pomwepo pamene akuikongoletsa. Ife tinabwereketsa yathu pa ukwati wa mwana wa a dikoni, madyerero ali ku Kabulonga, ndipo ine ndemwe ndinathandiza atsikana kumata maliboni ndi maluwa a pulasitiki ndi selotepi yaikulu ija yomatira makatoni. Inakhala padzuwa tsiku lonse. Pochotsa madzulo, selotepi inanyamula khungu la pamwamba la penti, n'kusiya mabala kuyambira pa boneti mpaka pabuti. Maliboni amange pa zogwirira zitseko ndi pa magalasi a m'mbali, selotepi ayi. Ndipo atsikana ojambulitsa asakhale pa boneti ndi mabuluku a tizitsulo kumatako. Ngakhale uja umalankhula naye pafoni mpaka kuseka wekha kubafa, amene ukuganiza kuti sindimudziwa, aime pambali ajambulitse bwinobwino.

Pothira mafuta uziyang'ana. Othira mafutawo akadontheza pambali pa thanki, pempha madzi atsukuluze pomwepo, ndipo upemphe mwaulemu, amenewo ndi anthu aima tsiku lonse. Pamsewu wa ku Ndola ukapeza akuthira phula latsopano, chepetsa liwiro ndipo utalikirane ndi malole, timiyala timene amaulutsa timaboola penti, ndipo pobooka m'pamene dzimbiri limayambira mvula ikagwa. Chinsalu chofunditsa galimoto usachiike pa galimoto yafumbi, mphepo ikamachikupiza chimakhala chikukwecha usiku wonse. Zonsezi ndi zimene munthu angathe kuzipewa. Tsopano ndikuuze za zimene sungazipewe.

Nkhani ya atate ako ukuidziwa, koma umaidziwa monga mwana, mwachidule, kuti anavulazidwa m'tauni. Unali wamng'ono, tinakusiya kwa aneba tsiku limenelo. Ine ndinali pampando wa pambali pawo, ndiye ndikufuna uione ndi maso anga. Linali Loweruka, tikupita ku msika wa Soweto kukagula tomato ndi kabichi za phwando la mlongo wawo amene ankakwatiwa. Galimoto inali yoyera, itangobwera kumene, mapulasitiki akadali pamipando. Ine ndinati tiisiye patali tiyende pansi, iwo anati kulibe woyang'anira, ana a m'misewu aikanda. Tinalowa nayo mumsewu wopita kumsika, muja modzaza mabasi, mawilibala ndi anthu osenza katundu, moti galimoto imayenda ngati ikukankhidwa.

Kunabwera bambo wina akukankha wilibala yodzaza mabokosi a tomato, atasanjikiza mpaka sankaona bwino kutsogolo. Anafuna kudutsa pakati pa ife ndi basi. Chitsulo cha wilibala chinagwira chitseko cha atate ako n'kuyenda nacho mpaka kumbuyo. Phokoso lake ndimalimvabe m'mano, khwiii. Ndinagwira dzanja lawo n'kunena kuti, "A Daka, tiyeni tizipita, tikaonera kunyumba." Anachotsa dzanja langa, osati mwankhanza, anangolichotsa ngati akuchotsa ulusi pa jekete. Anatsika.

Bambo uja anali atayamba kale kupepesa. "Pepani bosi, sininaone, katundu yalema." Atate ako anayang'ana mzere uja, anayang'ana munthuyo, n'kumumenya mbama imodzi. Imodzi yokha, Yotamu. Wilibala inapendeka, mabokosi pansi, tomato mumsewu monse, ndipo mayi mwini tomatoyo, amene ankabwera pambuyo, anayamba kukuwa atagwira kumutu. Sindikudziwa kumene anthu anachokera. Kuphethira kumodzi msewu unali wa anthu ogula ndi kugulitsa, kuphethira kwina tinali pakati pa khamu. "Bamenya munthu chifukwa cha motoka! Ba some of us aba, odzimva na ndalama!" Ena amene ankafika kumbuyo sankadziwa n'komwe chimene chachitika, wina anangokuwa kuti kawalala, wakuba, basi. Ine ndinkalimbana ndi chitseko changa, anthu atachitsamira, sichikutseguka. Ndinaona thabwa likukwera m'mwamba kumbuyo kwa mutu wa atate ako. Ndinakuwa dzina lawo, mawindo ali otseka. Amene anamenya sindinamuone nkhope, ndipo mpaka lero sadziwika.

Amene anandithandiza kuwanyamula kuwaika kumpando wakumbuyo anali bambo wa wilibala yemwe uja, tsaya lake likadali lotupa. Ine ndinali ndisanayendetsepo galimoto m'tauni, koma ndinaiyendetsa mpaka kuchipatala, ndipo sindikumbukira njira imene ndinadutsa.

Iwe atate ako umawadziwa monga alili pano, pakhonde pampando wawo, dzanja lamanja lili pamwendo, mawu akutuluka limodzilimodzi ngati akuwakoka m'chitsime. Sunawaone akuimbitsa kwaya, tchalitchi chonse chikunjenjemera ndi besi yawo. Sunawaone akuseketsa anthu pamaliro mpaka ofedwa kumwetulira. Mwamuna wanga uja sanandimenyepo ine, ngakhale tsiku la chokwechera mapoto lija. Sanali woipa, monganso iwe suli woipa. Kungoti pa galimoto pokha panali kamoto kena kamene kankayaka asanaganize. Tikadali kuchipatala, amalume ako anatenga galimoto ija kupita nayo kwa wopenta wina ku Makeni, poganiza kuti atisangalatsa. Anaibweretsa sabata isanathe, ikuwala, mzere osaoneka ngakhale utayang'anitsitsa bwanji. Anaiimika pabwalo la chipatala n'kundiitana kuti ndidzaone. Ine ndinkachokera kowapukuta atate ako dovu pakamwa. Ndinaiyang'ana galimoto ija ndipo ndinasanza pomwepo pamaluwa.

Tsiku lija pa siteshoni ya Chelstone ndinawaona atate ako mwa iwe. Kupuma kwake komweko kotulukira m'mphuno, khosi kuuma, makutu osamvanso kanthu. Ndinakuitana katatu konse, sunandimve. Ukakhala bwinobwino ndiwe mwana wofatsa, umawameta atate ako ndevu, umawanyamula kupita nawo kubafa osadandaula. Koma ine ndaona kuti munthu wofatsa amatha mphindi imodzi. Ndili ndi mantha, mwana wanga, mantha enieni, oti foni ikalira nambala yosadziwika ndimaopa kuiyankha. Ndasamala mwamuna mmodzi wovulala mutu zaka zonsezi. Mphamvu zosamalira wachiwiri ndilibe, ndipo zoika mwana m'manda ndiye sindifuna n'kuziganiza komwe.

Ndiye tamvera chochita, chifukwa idzakalika ndithu. Kaya ndi minibasi, kaya wilibala, kaya njinga ya makala, tsiku lina udzamva khwiii. Ukamva, khoma zitseko. Manja onse awiri akhale pa chiwongolero, uwagwiritse mpaka apweteke. Windo utsitse pang'ono pongokwana mawu. Ngati ndi galimoto inzake, jambula nambala uli mkati momwemo, pafoni paja ndiye ndiwe katswiri, kenaka upite kupolisi yapafupi ukafotokoze. Ngati ndi munthu wa wilibala kapena wa njinga, mukwezere dzanja umuuze kuti palibe kanthu, uzipita. Alibe choti akupatse, ndipo ali ndi anzake ambiri pamsewupo kuposa iwe. Adzakutukwana, adzamenya pa boneti ndi manja, adzati ndiwe wamantha, mwinanso adzatukwana ine amene ndinakubala. Asiye anditukwane, sindidzamva. Ukafika kunyumba uimbe foni, undiuze zonse, ukalipe mmene ungathere, ine ndidzamvetsera mpaka mtima utsike. Koma pamsewu usatsike, Yotamu. Usatsike.

Ndakhala ndikudzifunsa ngati mawu okha angakugwire, popeza dzanja langa lenileni linalephera kugwira atate ako. Ndinaganiza zokumana galimotoyi, upite pa basi, koma ntchito yako ikufuna galimoto, ndipo ukanadzagula yako, yowala kuposa iyi. Ndinapemphera, ndinalankhula ndi abusa, anati ndikusiye m'manja mwa Mulungu. Ndakusiya m'manja mwake, koma nanenso anandipatsa manja.

Ukamaliza kuwerenga, tuluka ukayang'ane chitseko chakumbuyo, mbali ya woyendetsa. Utangotuluka pageti masana ano, galimoto utaitsuka ndi kuipaka polishi ikuwala ngati galasi, ine ndinatenga kiyi wa geti n'kukala mzere pachitsekopo, wautali ngati mkono wanga. Sanachite ndi mwana wa aneba, usakafunse munthu. Ndachita ndine, dala. Ndinalira pochita, chifukwa ndaona mmene waivutikira m'mawa wonse. Atate ako anali pakhonde, anaona zonse. Misozi inatsika, koma sindikudziwa ngati amalirira galimoto kapena iwe. Sindinawafunse.

Mzere umenewo usaupentetse, usaubise ndi polishi. Sunafike pachitsulo, sudzachita dzimbiri, ndinasamala pamenepo. Ndikufuna unyamuke pano ndi galimoto yokalika kale, kuti amene adzaikale ku Ndola asadzakhale woyamba. Woyamba ndine, amayi ako.

Ndikudziwa kuti pofika pa mzere uno wayamba kupumira m'mphuno. Chabwino. Ngati pali munthu woti umugwire malaya pakhosi chifukwa cha penti, ali pakhonde, wakhala pafupi ndi atate ako, akukudikira. Bwera uyambire pa ine, lero, pamene ndikukuona ndi maso uli wamoyo.

Ndine amayi ako,
amene sadzapepesa pa ichi.